Ng'oma ya Adada ku Lilongwe

Fungo la nkhumba yootcha pamsika wa Chibavi limandikumbutsa tsiku limene adada ananditenga pa lole, ndili kamtsikana, kukachemerera timu yathu ku Lilongwe.

Titafika pageti la bwalo la mpira, ochemerera akumeneko anatizungulira. Wina anapaka mafuta a nkhumba pang'oma ya adada, n'kundipakanso pamphumi. Ine ndinkayesa ndi mmene amalandirira alendo.

"Yewo chomene," ndinathokoza m'chilankhulo chakwathu.

Anaseka. "Tikusukulutsa mankhwala anu, akumpoto inu!" Kenaka anaboola ng'omayo ndi mpeni.

Adada anandipukuta ndi malaya awo. "Usalire, mwana wane. Manja tili nawo."

Tinagonja, koma tinaomba m'manja mpaka zikhatho zinatupa.

Ndinazindikira nditakula kuti anthu aja ankatiopa. N'chifukwa chake timu ikamasewera koyenda, woyamba kukwera basi ndimakhala ine, ng'oma ili kumsana.