Ndinabwereka Amayi Pamsika Kuti Ndipeze Pasipoti

Kweee, kenako gwa! Umo ndi mmene linkalirira bokosi lachitsulo la ambuya anga akamalitsegula ndi kulitseka. Ndinakula ndikumva kulira kumeneko kuseri kwa nsalu yotchinga kuchipinda kwawo, koma sindinafunsepo kuti m'bokosimo munali chiyani. Kusafunsa kumeneko ndiko kunandifikitsa poti ine, munthu wa zaka makumi atatu, ndinabwereka mayi wogulitsa tomato kuti akalumbire kuti ndiye anandibereka. Inu owerenga, ndikulemba izi kuti wina asachite uchitsiru umene ndinachita ine pofuna pasipoti.

Kwathu ndi ku Vubwi, m'mudzi wina wapafupi ndi malire a Mozambiki. Amayi anamwalira ndili ndi zaka ziwiri, abambo sindinawaonepo. Anandilera ndi ambuya, amayi awo a amayi anga, ndipo m'nyumbamo tinali awiri basi. Tonse tinali anthu osalankhulalankhula. Tinkatha kusenda nsawa tsiku lathunthu osanena mawu opitirira khumi. Nthabwala yawo inali imodzi yokha, yonditcha kuti amunanga, monga amachitira agogo ambiri kwa adzukulu awo aamuna. Dzina la amayi silinkatchulidwa pakhomo pathu. Ndinaona ndili wamng'ono kuti wina akalitchula, ambuya ankadzuka n'kupita kudimba, choncho ndinaphunzira kukhala chete.

Munthu wosafunsa amatola nkhani m'njira. Tsiku lina ndili pamjigo ndinamva azimayi akunong'onezana kuti malemu amayi anabwera kuchokera kutsidya ali ndi khanda kumsana. Kusukulu anzanga tikayambana ankanditcha wa kutsidya. Ndinalumikiza ziwirizi ndekha, n'kutsimikiza mumtima kuti ndinabadwira ku Mozambiki. Pamene olembetsa reji, chitupa chathu cha unzika, anabwera pasukulu, ambuya analowa okha kukalankhula nawo, ine ndili panja pansi pa mtengo. Reji ndinailandira, koma zaka zonse ndinkaisunga ngati chinthu chakuba.

Kwathuko malire sitimawaona ngati kanthu. Kuchigayo timapita kutsidya, kumaliro timapita kutsidya, ndipo palibe amatifunsa pepala. Ku Mkaika nthawi ya mwambo wa Kulamba ndinkaona Achewa a ku Malawi ndi a ku Mozambiki atakhala pamodzi ndi ife, akuluakulu a boma akulankhula za ubale wa mayiko atatuwa. Ndinkaganiza kuti mapepala ndi mwambo chabe wa anthu a m'maofesi, woti munthu wochenjera akhoza kuulambalala.

Nditakula ndinaphunzira kuyendetsa galimoto n'kukakhala ku Katete. Ntchito inali ya nyengo, kututa thonje ndi nsawa m'midzi, mvula ikagwa n'kukhala. Ndiye bambo wina wa ku Sinda, mwini malole opita kudoko la Beira, anandiona mmene ndimasamalira galimoto ndipo anandiuza kuti akufuna dalaivala wokhazikika. Anati bodapasi imene timagwiritsa ntchito pamalire imathera pafupi, ku Beira kumafunika pasipoti. Anandipatsa mpata mpaka mvula yoyamba. Imeneyi inali ntchito yoti ndikanafolera nayo malata nyumba ya ambuya.

Ndinapita ku ofesi ya mapasipoti ku Chipata. Mayi amene ndinamupeza pawindo anandifotokozera bwinobwino, ndipo sindingamunamizire kanthu. Anati pakufunika reji, zithunzi ndi satifiketi ya kubadwa. Ngati satifiketiyo palibe, kholo kapena wachibale wamkulu wodziwa za kubadwa kwanga akalumbire papepala, ndipo khadi la kusikelo likapezeka ndibwere nalo. Apa, inu owerenga, ndi pamene ndinayenera kukwera minibasi ya ku Vubwi. Koma ndinaganiza za ambuya, mayi wa Chigwirizano amene sananamepo ngakhale pa muyeso wa nsawa. Ndinawaona m'maganizo atagwira Baibulo akunena kuti mwanayu anabadwira kutsidya. Ndinaopa kuti pasipoti andikaniza, ndipo reji yomwe andilanda.

Nditabwerera ku Katete ndinapita kukajambulitsa zithunzi kwa munthu wina amene anali ndi kashopu kuseri kwa msika. Anthu ankamutcha Shotikati, chifukwa ankathandizanso kulemba mafomu. Anandiona kuti ndili ndi nkhawa, ndipo ine amene sindiuza munthu zakukhosi ndinamuuza zonse tsiku limenelo.

"Mudala, vuto n'limeneli chabe?" anaseka Shotikati. "Nkhalamba musaivutitse, ikakasokoneza. Amayi timapeza pompano. Mufuna oyera kapena akuda?"

Tsiku lotsatira anabwera ndi mayi wina wogulitsa tomato, wonenepa, wansangala. Tinakhala pabenchi kuseri kwa shopu n'kuyamba kuphunzitsana. Dzina la mudzi wathu linkamuvuta kukumbukira, ndiye Shotikati anati tingolemba mudzi wa kwawo kwa mayiyo, kufupi ndi Sinda. Mayiyo ankaseka n'kumandimenya paphewa.

"Mwana wanga iwe, wakula chonchi osabwera kudzandisenzako dengu? Ukapita ku Beira undigulire chitenje, wamva?"

Inenso ndinaseka. Ndikakumbukira kuseka kumeneko ndimachita manyazi kuposa china chilichonse. Pepala linalembedwa kuti ndinabadwira ku Sinda ndipo amayi anga ali moyo. Mayiyo analumbira, ine ndinasaina, tinakapereka.

Patapita milungu itatu anandiitana ku Chipata. Ndinavala shati yatsopano poganiza kuti ndikukatenga pasipoti. Anandilowetsa m'chipinda mmene munali bambo wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Anaika reji yanga kumanzere, pepala la lumbiro kumanja, n'kundifunsa kuti kwathu n'kuti. Reji inkati Vubwi, lumbiro linkati Sinda. Ndinayamba kunena zoti tinasamuka ndili mwana. Anandisiya ndimalize, kenako analoza chaka chobadwa cha mayi wa tomato uja. Ankandiposa ndi zaka khumi ndi chimodzi zokha.

"Ndiye amayi anuwa anakuberekani ali giredi folo?" anafunsa osaseka. Anatsegula kabati n'kutulutsa mafayilo ena atatu. "Nanga abale anu awa mukuwadziwa? Onsewa anaberekedwa ndi mayi yemweyu, wina ku Chadiza, wina ku Petauke."

Bamboyo sanakalipe. Anandiuza kuti pasipoti ndi mawu a dziko lathu kwa mayiko ena, onena kuti munthu uyu ndi wathu, tikumudziwa. Anati a ku Mozambiki, a ku Malawi ndi ena amatsegulira anthu athu chifukwa amakhulupirira mawu amenewo, ndipo bodza likalowamo, amavutika pamalire ndi madalaivala onse a Zambia, ngakhale osalakwa. Anati popeza ndanama za kubadwa kwanga, tsopano ngakhale reji yanga ikukayikitsa, ndipo aisunga mpaka afufuze ngati ndilidi nzika.

Ndipamene ndinaulula zonse, za amayi anga enieni ndi za mantha anga. Kenako anati ngati amayi anga anali a Zambia, ndikanakhala wa Zambia ngakhale ndikanabadwira kutsidya, bola ndikananena zoona n'kubweretsa mboni. Inu owerenga, chimene ndinachiopa zaka makumi awiri sichinali mlandu n'komwe. Mlandu ndinaupanga ndekha kuseri kwa shopu ya zithunzi.

Ndinakhala m'manja mwa apolisi masiku awiri mpaka mkulu wa mpingo wathu ku Katete anabwera kudzandiimira. Shotikati anatseka shopu n'kusowa. Mayi wa tomato anamugwira, ndipo kukhoti ankalira n'kumandiloza kuti ndamuphetsa, ana ake enieni adya chiyani. Ine anandilamula kusesa pachipatala miyezi itatu. Mvula yoyamba inagwa ndili ndi tsache m'manja, ndipo lole ija anapatsa munthu wina. Popanda reji sindinathe kulembetsa fetereza kukopaletivu, ngakhale kukonzetsanso laisensi yanga itatha. Ndinali munthu wopanda dziko, ndikuyenda m'misewu imene ndinakuliramo.

Koma choopsa chenicheni chinachitika kumudzi. Ofufuza anapita kukaonana ndi ambuya, chifukwa ndiwo okha anatsala odziwa za kubadwa kwanga. Anandiuza nkhaniyi ndi a neba athu amene analipo. Akuti anawawerengera pepala lija lonse, dzina la mayi wa tomato, mudzi wa ku Sinda, ndi mawu oti amayi anga ali moyo. Ambuya anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati ngati mnyamatayo ali ndi amake ku Sinda, kafunseni kumeneko, n'kulowa m'nyumba. Ofufuza anadikira, anabwerera opanda umboni.

Nditamaliza chilango ndinapita kumudzi. Ndinawapeza akusankha mbewu ya nsawa pakhonde. Sananditche amunanga. Anandiyalira mphasa ngati mlendo n'kundipatsa moni wa ulemu, wa inu, umene sanandipatsepo chibadwire. Nditayamba kupepesa anandidula.

"Mwana wanga ndinamuika m'manda kamodzi," anatero. "Inu mwamuikanso kachiwiri, papepala la boma."

Ndinakhala pakhomopo mwezi wathunthu. Tinkapalira chimanga mzere ndi mzere, iwo uku ine uku. Kale kukhala chete kwathu kunali kwa anthu omvana, koma uku kunali kwina. Ndinkadziwa kuti akapanda kulankhula, reji yanga sibwerera. Ndinkadziwanso kuti ndi okalamba, miyendo inali itayamba kutupa, ndipo akapita ndidzatsala wopanda mboni padziko lonse. Koma ndikunena zoona, pofika sabata yachitatu za rejizo zinali zitachepa mumtima mwanga. Ndinkangofuna anditchulenso iwe.

Tsiku lina masana tikupuma pachulu ndinachita chimene ndinayenera kuchita ndili mnyamata. Ndinawauza za azimayi a pamjigo, za dzina la wa kutsidya, ndi kuti sindinawatenge ku Chipata chifukwa ndinkadziwa kuti sanganame. Kenako ndinafunsa molunjika kuti ambuya, kodi ine ndinabadwira kuti, ndipo amayi anali munthu wotani? Anayang'ana kumapiri a kutsidya. Anatenga khasu n'kubwerera mumzere.

Ndisanamalize, ndilankhule nanu inu owerenga, makamaka inu ana amasiye ndi inu a m'midzi ya m'malire. Funsani za kubadwa kwanu pamene akulu anu ali moyo, ngakhale funsolo liwawe. Kuwalemekeza si kukhala chete mpaka mutatola mbiri yanu pamjigo. Mukafuna pasipoti, pitani nokha kuofesi ndipo ngati pali chimene mukuopa, chineneni pawindo pomwepo. Akanakhala kuti ndinafunsa mayi wa pawindo uja funso limodzi lokha, bwenzi lero ndikuyendetsa lole ya ku Beira. Munthu wa shotikati sadzakhala nanu m'chipinda cha mafunso, ndipo amene mwamubwereka kuti alumbire mumamugwetsanso m'dzenje. Inunso olera ana a malemu, auzeni anawo za makolo awo. Mwana wosauzidwa amadzipangira nkhani yake, ndipo nthawi zambiri imakhala yoipa kuposa yeniyeni.

Reji yanga inabwerera patapita pafupifupi chaka. Pasipoti mpaka lero ndilibe, chifukwa dzina langa lili ndi chipsera ndipo pempho langa amaliunika kawirikawiri. Ndabwerera ku zotuta thonje. Chimene chinabweza rejiyo ndinachilandira m'mawa wotsatira tsiku lija la pachulu.

Ndinali pakhonde ndikunola khasu pamene ndinamva kweee kuchipinda. Panapita nthawi yaitali gwa asanamveke. Ambuya anatuluka atagwira kajumbo ka shuga kakale, kopindidwa kanayi, n'kundiika m'manja. M'katimo munali khadi la kusikelo, lofiirira ndi ukalamba, m'mphepete mutadyedwa ndi njenjete. Pamwamba panali dzina langa, pansi pake dzina la amayi, ndi chidindo cha kachipatala ka kwathu komweko, kamene ndinkakadutsa tsiku lililonse popita kusukulu.

"Unabadwira pano iwe, ndinakulandira ndine," anatero. "Kutsidya amako anangopita kukakuonetsa kwa abambo ako. Anamubweza ndi khanda kumsana, ali ndi malungo. Khadilo usalinyowetse."

Anatenga khasu limene ndinkanola lija, analiika paphewa, n'kutsika njira ya kudimba osacheuka.