Maukonde pa Sitima, Mapulagi pa Ndege

Sidiki analanda boti ndi injini kwa Asiya, mkazi wa mchimwene wake, m'chaka cha 2019, eda, nthawi imene mkazi wachisilamu amalira mwamuna wake, isanathe n'komwe. Mchimwene wakeyo, Abbas, anali atangoikidwa m'manda kuno ku Senga Bay. Sidiki anabwera m'mawa ndi alovi ake, anyamata omugwirira ntchito panyanja, n'kumasula chingwe. Anati chuma cha pamadzi si cha akazi. Achibale onse anamva, aliyense n'kuyang'ana kumbali.

Ine ndimasoka maukonde, ndakalamba ndikuona zoterezi. Ndikulembera inu amene mwakhala pansi chifukwa wina anakupondani. Anthu sindiwadalira, koma za mayi uyu ndinaziona ndi maso angawa.

Asiya anatsala ndi ana atatu ndi thandala limodzi loyanikapo nsomba. Amayi ake anabwera kuchokera ku Khombedza n'kumuuza kuti alongedze, akalime kumudzi.

"Amayi, ndisiyeni ndiyese," anatero. "Zikakanika, khasu ndidzagula ndekha."

Anayamba kugula usipa, kuyanika, n'kukagulitsa pamsika wa Salima. Ali pagombepo ankaona maboti atagona pamchenga usipa uli mbwee m'madzi. Lina lasowa pulagi, lina pulopela yathyoka, lina ukonde watha. Zinthuzo eni maboti ankazitsatira ku Lilongwe, nthawi zina n'kubwerako chimanjamanja.

Atapeza kampamba ku banki m'khonde, analankhula pa foni ndi Ramadhani, mwana wa ku Salima konkuno amene amagula katundu ku Dubai n'kutumizira anthu. Ramadhani anamufunsa ngati akufuna ndege kapena sitima ya panyanja yamchere. Asiya anangofunsa yotchipa. Zipangizo zonse za maboti zimene anaitanitsa zinalowa m'kontena yosonkherana ndi anthu ena.

Apa ndi pamene anagwa. Anaitanitsa mvula ikutha. Kontena inadikira kuti idzaze, inadikira padoko la Dar es Salaam, inadikiranso lole. Katundu anafika mwera utayamba, maboti ambiri atakwezedwa kumtunda. Wogula panalibe. Ana sadikira mphepo kuti ileke, choncho anagulitsa zonse motchipa kwa mwini golosale wina wa ku boma.

Anthu a pano kuseka mnzawo amakudziwa. Akamuona akudutsa ndi dengu pamutu ankakuwa, "Mayi Dubai, sitima yafika kodi?" Amayi ake anatumiza mawu kuti munda ukumudikirabe.

Tsiku lina anakhala pansi pomwe ndimasokera.

"Amalume, ine ndinafunsa mtengo. Mwezi sindinafunse."

"Ramadhaniyo anakudyera," ndinatero. "Anthu a pa foni onse ndi amodzi."

"Ayi, sanandibere. Ndamufunsitsa bwino tsopano. Sitima imalipiritsa malo amene katundu watenga, monga timagulitsira usipa pa chigoba. Ndege imalipiritsa pa sikelo ngati nyama. Ndipo chinthu chikakhala chachikulu, ngakhale chipepuke, ndege imakulipiritsanso malo ake."

"Ndiye iwe ndi ndege mudziwanirana pati?"

"Ndege sindiidziwa, amalume. Koma mwera ndimaudziwa."

Ndinapitiriza kusoka. Ndinaganiza kuti mwanayu wasokonekera.

Anabwerera ku thandala lake. Anayanika usipa chaka chathunthu, nsapato osagula. Mwera wotsatira utangoyamba kuomba, anthu ena akudandaula kuti ntchito yaima, iye anaitanitsa maukonde, zingwe, mtovu wolemeretsa ukonde ndi nyali za mabatire. Zonsezo anati zikwere sitima. Zichedwe mmene zingachedwere, nyanja nayonso inali itatseka.

Mapulagi, mapulopela ndi tiziwiya ting'onoting'ono ta injini anati tidikire. Titumizidwe pa ndege mphepo ikamatha, m'kabokosi kamodzi.

"Mayi, ndege ndi yodula," anatero Ramadhani. "Ikani zonse m'kontena, mupulumutse phindu."

"Phindu la m'kontena ndinalilawa kale, achimwene. Chitani zimene ndanena."

Akanalakwitsanso apa, kunalibe kuyesa kachitatu. Anali atalonjeza amayi ake, ndipo Asiya sabweza mawu.

Mwera unaleka. Maboti anatsikira m'madzi. Maukonde a Asiya anali asanafike, lole itaima pachipata cha dziko kudikira mapepala. Oseka aja anayambiranso nyimbo yawo.

Koma kabokosi kanafika pabwalo la ndege ku Lumbadzi. Asiya anakwera minibasi, anakalipira msonkho, n'kubwera atakanyamula pamiyendo ngati khanda. Injini zimene zinakhala miyezi osalira zinali zitayamba kuvuta, monga zimachitira chaka chilichonse. Eni maboti anandanda pakhonde pake. Amene ankakuwa za sitima anali kutsogolo kwa mzere, zipewa zili m'manja.

Kabokosi kaja kanadyetsa ana mpaka lole inafika. Maukonde anapeza usipa udakalipo, ndipo sanagone m'nyumba, onse anagulidwa.

Lero Asiya ali ndi shopu pafupi ndi gombe. Zolemera ndi zazikulu amaitanitsa pa sitima mwera ukamayamba. Zazing'ono zofunika msanga amazikweza ndege. Ana ake ali pasukulu, ndipo ku Khombedza amangopitako kukacheza.

Mwezi watha Sidiki anabwera kushopuko. Ine ndinali pakhonde.

"Alamu, ndamva muli ndi pulopela ya injini yanga."

"Injiniyo ndikuidziwa," anatero Asiya. "Ndinkaipukuta ndine."

Anatenga pulopelayo pashelufu n'kuiika patebulo. Sidiki atamva mtengo anakanda kumutu.

"Tichotsereniko pang'ono, alamu. Ndife abale."

"Ndege sichotsera abale."

Analipira ngati wina aliyense, n'kutuluka osatsanzika.

Inu amene mwalandidwa, musadikire kuti wolandayo achite manyazi. Ine ndadikira anthu oterewa mpaka mano atha m'kamwa. Mukagwa, fufuzani pamene munaponda molakwika, mufunse funso limene simunafunse poyamba, n'kudzukanso. Mtima musautaye.

Boti lija likadali kwa Sidiki. Analipaka penti ina n'kufufuta dzina la Abbas.