Tsiku Limene Nyenyezi Inatafuna Fupa

Lachisanu lapitali, cha m'ma faifi koloko madzulo, ndinamva phokoso kukhola la mlamu wanga ku Shimabala: khu, khu, khu. Ng'ombe yake ya bere inali kutafuna fupa. Mlamu anati aigulitsa kubutchala.

Phokoso limenelo ndinalimvapo ndili mwana. Tinali ndi ng'ombe imodzi yokha, Nyenyezi, nayonso ya bere. Ndinaipeza kuseri kwa chulu, dovu likuchucha, nthiti ya galu wakufa ili m'kamwa. Ndinaganiza kuti ikamaliza galuyo iyamba ife.

"Atate, Nyenyezi idya mafupa!"

"Iwe, ukamba zoona?"

Anapita kukaona okha. Anthu anasonkhana, ndipo aneba athu ba Tembo anati, "Iyi ng'ombe baikamo vinthu. Ipayeni ikalibe kudya mwana."

Atate anaipha tsiku lomwelo. Nyamayo palibe anailawa. Tinaikwirira pamodzi ndi kamwana kake, kamene kanali katamera kale ziboda.

Lachisanu lija ndinaimbira foni mnzanga, dokotala wa ziweto. Anaseka.

"Mudala, ni fosiforasi chabe. Mu udzu wouma mulibe, koma mafupa ya mwana mumimba yafuna yamene iyo. Muigulile mchere wonyambita wa fosiforasi."

M'mawa mwake ndinagula mcherewo m'tauni, n'kukauika m'khola ndi manja anga. Ng'ombe inanyambita osadzutsa mutu, mlamu n'kusiya za butchala.

Nyenyezi inkangofuna chomangira mafupa a mwana wake, ndipo amene anaineneza ndine.