A Chipulikano ndi pulagi yawo

A Ackson Chipulikano anayamba kukonza mawailesi ku Bangwe anthu asanayambe kuyenda ndi mafoni. Lamulo lawo linali limodzi: ukamaliza, zula pulagi. Magetsi akazima amabwereranso mwaukali, ndipo zambiri zimene ankakonza zinapsa choncho.

Mabodi a zamagetsi ankawajambula pamanja, ndi polishi wa zikhadabo. Ndiye kunabwera a Abbas, eni shopu ina ku Makata, akufuna mabodi oyendetsera mapampu a sola. Ntchito yokhalitsa, imene ikanawachotsa m'kabenchi ka mumsika. Koma odinda mabodi amalandira mafayilo a pakompyuta, osati pepala. A Chipulikano anapatsidwa mpaka kutha kwa mwezi.

Mwana wawo Alinane, amene amagwira ntchito ku Mzuzu, anali atawasiyira kompyuta yakale ya padesiki yokhala ndi pulogalamu yojambulira mabodi. Kujambula a Chipulikano anakudziwa msanga. Vuto linali laibulale, momwe pulogalamuyo imasungira zithunzi za zipangizo. Zipangizo zawo zambiri zinali zozula m'ma TV akufa, choncho anazijambula okha, n'kuiuza pulogalamu foda yomwe zili. Tsikulo zinkayenda bwino. Kukacha, pulogalamu yaiwala. Zipangizo zasowa pabodi, mizere ikungolendewera.

Anachotsa pulogalamu n'kuikamo kachiwiri. Anasamutsa foda. Anagula flashi. Anatsegula kompyuta n'kupukuta fumbi, mpaka anasintha kabatire ka mkati. Chimodzimodzi.

"Bambo a Alinane, bwanji osangomuimbira mwanayo?" anafunsa akazi awo, a Bernadeta.

"Amene ndinamuphunzitsa kugwira waya ndine."

"Eya, ndiye muigwire ndi waya kompyutayo tione."

Sanaimbe. Mwezi unatha. A Abbas anadikira pang'ono, kenako anaitanitsa mabodi okonza kale kunja. Awiriwo sanakangane. Amapatsanabe moni.

Alinane anabwera pa Khirisimasi. Mayi ake ndiwo anamuuza za vutolo. Iye anakhala pambali pa bambo ake nati, "Chitani momwe mumachitira, ine ndingoona."

A Chipulikano analozera pulogalamu foda ija, nasunga bodi yawo bwinobwino. Kenako anawerama, nazula pulagi kukhoma.

"Adadi! Osatseka kaye pulogalamu?"

"Ndasunga kale."

"Mwasunga bodi. Malo a laibulale imawalemba pamene mukuitseka. Inu mumaidula pakhosi isanalembe."

A Chipulikano anabwezera pulagi. Analoza foda, natseka pulogalamu, nazimitsa kompyuta mwa dongosolo lake. Atayatsanso, zipangizo zonse zinalipo, chilichonse pamalo pake.

A Chipulikano anatembenukira mwana wawo.

"Basi? Zomwezi?"

"Zomwezi, adadi."

Bodi ija ilimobe m'kompyuta, yomalizidwa, yopanda woifuna. Iwo akadali pabenchi yawo mumsika, maso ayamba kuchita chifunga, timawaya tating'ono amatipeza ndi chala. Amawauzabe makasitomala awo kuti azizula pulagi. Amangowonjezera kuti, "Koma muyambe mwazimitsa."