Patenti ya Achimwene

Achimwene anga ndiwo amayang'anira masipika kutchalitchi kwathu ku Woolwich, kuno kutsidya la nyanja. Timapemphera m'holo yobwereka, ya makoma akonkire. Anthu akachepa, mawu amamveka ngati akuchokera m'chitsime. Akadzaza ndi majekete awo, mawu amazilala. Achimwene anapanga kachipangizo komvetsera holoyo n'kumasintha kokha mphamvu ya masipika. Boma linawapatsa patenti, chikalata chakuti nzeruyo ndi yawo.

Kampani ina yopanga masipika inakasuma kuti patentiyo ifafanizidwe. Lamulo la kuno limati nzeru imene katswiri aliyense wa ntchitoyo akanaiganiza mosavuta siyenera patenti. Mlandu wonse unagona pamenepo.

Tsiku la mlandu abusa anabwera kudzawalimbikitsa. Loya wa kampaniyo, munthu woyankhula mofatsa ngati namwino, anaonetsa vidiyo ya Lamlungu lina pamene mpingo unkathokoza achimwene. Iwo mutu pansi, manja pachifuwa: "Aa, n'zazing'ono izi abusa, aliyense akanatha." Womasulira mawu wa m'khotimo sanasiyeko liwu.

"Munanena zimenezi?" anafunsa loyayo.

"Ndinanena."

"Munkanamiza mpingo?"

Achimwene anacheukira abusa. "Sindinama m'tchalitchi."

Loyayo ankadziwa chimene akuchita, ndipo ndimadana naye mpaka lero. Kwathu munthu akakuyamikira suvomera kuti ndiwe wanzeru. Koma kuchokera apo achimwene anafooka. Loya wawo atawafunsa chimene chinawavuta popanga kachipangizoko, anangoti Mulungu anawathandiza. Za mabokosi a mawaya opserera amene anadzaza chipinda chawo sanatchule.

Woweruza anati vidiyoyo sinamusunthe. Anadalira mapatenti awiri akale, ina ya masipika a m'galimoto, ina ya m'nyumba zoonetsera kanema, n'kunena kuti kuziphatikiza sikunafune luso lapadera. Panalibe umboni womutsutsa. Patenti inafafanizidwa.

M'basi ya ku Thamesmead sindinawasiye.

"Zaka zonse zija mukudziwotcha zala, mwalephera kunena kuti zinali zovuta?"

"Iwe, ndikadzitame pamaso pa abusa?"

"Ndiye abusawo akupatsani patenti ina?"

"Kamwa yakoyo ndi imene inakuchotsetsa ntchito kunyuzipepala."

"Yanuyo yakuchotsetsani zambiri, achimwene."

Anadina belu n'kutsika asanafike n'kwawo komwe. Kuyambira pamenepo tikakumana kutchalitchi timapatsana moni ngati anthu a mipingo iwiri.