Chitini Chokhalira ndi Mfundo za pa Udzu

Titabwerera kwathu ku Majaua nkhondo itatha, ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, wamtali ngati mlongoti, koma anandiika kalasi yachiwiri chifukwa Chipwitikizi sindinkachidziwa. Ku Malawi, kukampu kumene tinathawira, ndinali nditafika Sitandade 6. Kuno ndinayambiranso pamodzi ndi tiana tamamina, ndipo zinkandiwawa.

Sukulu yathu inali makoma okhaokha, denga linapsa. Mabenchi kunalibe, choncho aliyense ankabwera ndi chokhalira chake, wina mwala, wina chipika. Ine ndinkanyamula chitini chachikulu cha mafuta ophikira, chimodzi mwa zija tinkalandira kukampu. Amayi anachisenza pamutu kuchokera ku Muloza, ndipo pakhomo pathu chotungira madzi chinali chomwecho basi. M'mawa chinali mpando wanga, masana chinkapita kumtsinje. Amayi sanapite m'mbali: "Tsiku limene udzabwere wopanda chitinichi, sukulu yathera pomwepo. Udzagwira khasu."

Chitinicho ndi chimene chinandiputira mavuto. Ana amene sanathawe nkhondo akachiona ankadziwiratu kuti ndine wa kukampu, ndipo ankatitcha odya zaulele. Mtsogoleri wawo anali mtsikana wamsinkhu wanga, wamfupi, wa pakamwa pakuthwa, amene banja lake linabisala kumapiri zaka zonsezo likudya mizu. Nthawi yopuma ankalanda chitini changa n'kumachiimba ngati ng'oma, anzake akuvina mondizungulira. Tsiku lina anachipaka chitedze, ndinakanda mpaka madzulo. Ndikadandaula kunyumba, amayi ankati, "Ifetu tabwera dzulodzuloli, usakayambane ndi anthu." Ndinkangomeza, koma mumtima ndinkawira. Ndikhale mlendo m'mudzi momwe munakwiriridwa mchombo wanga?

Njira yochokera kusukulu inali yopapatiza, ndipo inkadutsa m'mbali mwa munda wakale wa chinangwa umene unali utamera tchire. M'mbali mwa njirayo, apa ndi apo, nsonga za udzu zinali zomangidwa mfundo. Ine ndinkayesa masewera a ana. Kukampu anatiphunzitsa kuti pamene pali mabomba okwirira pamakhala chikwangwani chofiira, ndiye maso anga ankangoyang'ana zofiira.

Tsiku limenelo, tikuweruka, mtsikana uja anandibwerera kumbuyo n'kutsomphola chitini pamutu panga. Anachiponya kutsogolo kuti anzake achiwakhe, koma chinagunda chitsa n'kugubudukira m'tchire muja. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anachitsatira. Ine sindinalabadire. Ndinali nditatopa nawo, ndipo ndinkangomva mawu a amayi aja. Ndinamukankha mtsikanayo n'kulowa mu udzumo, phazi loyamba, lachiwiri.

"Ima pomwepo," anatero. Mawu ake anali atasintha, kunyoza konse kutatha. "Usasunthe. Bwerera chambuyo, uponde momwe unaponda."

"Ukufuna undisekenso?"

"Suona mfundozo? Tinamanga ndife. Muli mabomba m'menemo. Achimwene anga mwendo anausiya m'munda umenewu."

Ndinabwerera pang'onopang'ono, iye atagwira diresi langa kumbuyo, mpaka ndinaponda njira. Anthu amene anamva nkhaniyi pambuyo pake ankati ndinalimba mtima. Bodza limenelo, kunali kusadziwa chabe. Kulimba mtima kwenikweni kunabwera nditaima panjira paja, mantha atasanduka ukali.

"Waponya ndiwe," ndinamuuza, anzake onse akumva. "Ndikafika kunyumba chimanjamanja, sukulu yanga yatha. Ndiye sankha, uchitulutse iweyo kapena ndibwerere ndekha."

Kunena zoona, ngakhale akanandipatsa ng'ombe sindikanabwereramo. Koma iye anandiyang'ana kumaso n'kukhulupirira. Anathamangira kusukulu n'kukatenga nsungwi ziwiri pamulu umene makolo anaunjika wokonzera denga. Anazilumikiza ndi luzi, n'kugona chafufumimba panjira, tonse titatalikira. Anavutika nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu, mpaka nsongayo inakola waya wonyamulira chitinicho. Anachikweza m'mwamba, osachikoka pansi. Chinabwera chikulendewera, chitaphwanyika pangodya imodzi.

Anandipatsa, ine ndinakana kulandira. "Senza. Ukafotokoze wekha kwa amayi chimene chaphwanya."

Anasenza mpaka kwathu, ine ndili pambuyo ngati wolusa mbuzi. Ndinkayembekezera kuti amayi amukalipira, ndipo ndinali nditakonzeka kusangalala. Koma atamva za munda uja anangokhala pansi, n'kundigwira mwendo ngati akuona ngati ulipodi. Kenako anamufunsa mtsikanayo kuti ndi mwana wa yani. Atatchula, amayi anagwira pakamwa. Amayi ake anavinidwa chinamwali chimodzi ndi amayi anga, ndipo amayi anga ankayesa kuti mnzawoyo anamwalira kalekale. Anamupatsa nyemba m'kambale kuti akapereke kwawo. Ine zinandinyansa kwambiri, munthu wondizunza akupita ndi nyemba zathu.

Sindinganame kuti tinakhala mabwenzi tsiku lomwelo. Pakamwa pake sipanasinthe, ndipo mpaka lero tikakumana mumsika ku Milange, tonse imvi zili mbuu, amandipatsa moni wakuti, "Wadzuka bwanji, wodya zaulele?" Ine ndimamuyankha zoti sindingazilembe pano. Ndimamukonda mayi ameneyu, ndipo sukulu ndinamaliza nditakhalira chitini chophwanyika chomwecho.

Koma chimene sindiiwala ndi m'mawa wotsatira. Ndinamupeza mtsikana uja ataima pamphambano, manja ali kumbuyo, osandiyang'ana. "Tiye," anatero. Anayenda patsogolo, ndipo pa mfundo iliyonse ankaima n'kuloza ndi chala. Kuchokera pamphambano kukafika kusukulu tinawerenga zisanu ndi ziwiri. Ndinali nditazidutsa miyezi itatu, ndipo ina ndinali nditaimasulapo posewera. Iye anagwada n'kuimanganso.