Ndinaletsa Tadala Kufunsira Ngongole ya Yunivesite

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kumutsekera mwana wanga njira ya ku yunivesite chifukwa chotengeka ndi ndale.

Ndine mlimi wa mtedza kuno ku Nsaru. Chaka chimene mwana wanga Tadala anasankhidwa kupita ku yunivesite chinali cha zisankho, ndipo nkhani ya fizi inali mkamwamkamwa. Pa wailesi ankatsutsana, nafenso pamsika tinkatsutsana. Ena ankati fizi itsike, ena ankati yunivesite singayende popanda ndalama, bola ophunzira azipatsidwa ngongole. Ine ndinali pambuyo pa bambo ena amene ankafuna uphungu, ndipo msonkhano wawo sunkandiphonya.

Atamva za Tadala, bambowo anamuitanira pansanja n'kumugwira paphewa. Anauza khamu kuti ngongole ndi goli pakhosi pa mwana wa mlimi, ndipo ameneyu amulipirira okha mpaka amalize. Nthungululu zinamveka. Tsiku limenelo ndinayenda mapewa ali m'mwamba.

Patapita masiku, Tadala anandiuza kuti nthawi yofunsira ngongole yatsala pang'ono kutha. Ndinamukalipira. Ndinati abwana akamva aziti sitikuwakhulupirira. Iye anangoti, "Chabwino ababa," n'kulowa m'nyumba.

Zisankho zinadutsa, bambo aja sanapambane. Foni yawo inasiya kuyankhidwa. Ndinakwera kabaza kawiri kupita kwawo, mlonda n'kumandiuza kuti ali ku tauni. Ulendo wachitatu mlondayo anandimvera chisoni, nati, "Akulu, si inu nokha mwabwera ndi nkhani imeneyi. Musamadzivute." Pobwerera ndinayenda wapansi kuti ndichedwe kufika, poti sindinkadziwa chokamuuza mwana.

Ndinamupeza pakhonde akusenda mtedza ndi amayi ake. Ndinakhala pansi, ndinafotokoza zonse, ndinapepesa. Amayi ake sanasiye n'kusenda komwe. Anati, "Kodi inu mumayesa tinakumverani? Mutamukalipira muja, mawa lake lomwelo tinapita kwa aphunzitsi ake a kusekondale, anamuthandiza kufunsira ngongoleyo pa foni yawo."

Sindinayambe ndasangalalapo chonchi ndi munthu wosandimvera. Komabe tinadikira masabata angapo mtima uli m'mwamba, chifukwa si onse ofunsira amene amapatsidwa. Mayina atatuluka, lake linalipo. Ndinapita kumunda ndekha kukalira, kuti anthu asandione.

Lero Tadala ali chaka chachiwiri. Ngongoleyo siikwanira zonse, zotsalazo timakwaniritsa ndi mtedza. Pamsika ndimanenabe kuti fizi yakwera kuposa msinkhu wa mlimi, ndipo sindisiya.

Koma inu makolo anzanga, tsutsanani mmene mungathere, votani mmene mukufunira, tsogolo la mwana lokha musalisiye m'manja mwa munthu amene akufuna voti yanu. Khomo lililonse lotseguka, mwana agogode, fomu iliyonse alembe nthawi isanathe. Ndipo mwana akakuchenjezani, mumvereni. Ine ndinapulumuka chifukwa m'nyumba mwanga munali anthu awiri amene anaganiza bwino pamene ine ndinali kuomba m'manja.